Chaka Chimene Ndinakwatitsa Maungu

Ndinakwatiwa mvula itabwerera pambuyo pa chilala chachikulu chija cha 1992. Anandikweza pa lole kuchoka kwathu, kufupi ndi Chipata, mpaka kumudzi kwa amuna anga cha ku Mwase Lundazi. Ndinali ndi zaka makumi awiri, sutikesi imodzi ya malata, ndi pakamwa posachedwa kuyankha. Chitumbuka ndinkangodziwa "monile" ndi "yewo" basi. Ponditsanzika, amayi anandiuza kuti kuukwati ndikachepetse pakamwa. Ndinavomera ndi mutu, koma tonse awiri tinkadziwa kuti ndikunama.

Pakhomo ndinapezapo anthu atatu amene nkhani iyi ikuwakhudza. Amuna anga anali munthu wamtali, wofatsa, wanthabwala tikakhala awiri, koma amayi awo akangotsegula pakamwa ankayamba kuwerenga zala za kumapazi. Apongozi angawo anali amasiye, aafupi, oyenda mwachangu, kabotolo ka fodya wamphuno kali pamfundo ya chitenje. Sankakhulupirira kanthu asanakagwire ndi dzanja lawo. Ukawauza kuti nkhuku yaikira, ankapita okha kukapisa m'chisa. Ndiye panali mlamu wanga, mlongo wamkulu wa amuna anga, amene ukwati wake unatha n'kubwerera kwawo. Ameneyu ankaseka chilichonse, ngakhale za ukwati wake womwewo.

Munda umene anatipatsa unali kumunsi kwa mudzi. M'mbali mwake, motsata kamtsinje, munali kankhalango kowirira koti mbuzi ikalowamo umangoimva kulira. Munali misuku, mipoza, mithethe, ziyangoyango zokolanakolana, chitedze choyabwa chija, ndi mkuyu umodzi waukulu wamphako momwe njuchi zinkakhala kuyambira apongozi ali mtsikana. M'menemo ndi momwe azimayi ankazula bowa ndi kugwedeza mphalabungu nyengo yake ikafika. Pamchenga pomwe ng'ombe zinkamwera madzi ndi pomwe ine ndinkachapira.

Pamenepo ndinadziwana ndi agulugufe. Kwathu analiponso, koma osati chonchi. Mvula ikagwa, dzuwa n'kutentha pang'ono, ankatera pamchenga wonyowa gulu lonse, oyera ndi achikasu, atapinda mapiko, mpaka mchenga osaoneka. Ukaponda pafupi onse ankati balala, kukuzungulira kumutu, ena kutera pabeseni, ena pasopo penipeni. Analipo akuda akuluakulu a mzere wobiriwira, othamanga ngati atumidwa. Analipo ofiirira a madontho oyera, aulesi, oti ukhoza kuwatola ndi zala. Analiponso ang'onoang'ono okonda thukuta la pamkono, ukawathamangitsa n'kubwereranso pomwepo. Pamwamba pa madzi atombolombo, m'mitengo nyenje, m'maluwa abemberezi ndi njuchi. Phokoso lawo linkamveka ngati chigayo chakutali.

Miyezi imeneyo ndinkapukwa kwathu koopsa, ndipo sindichita manyazi kunena kuti agulugufewo ndinkacheza nawo m'Chinyanja. Pamudzi ndikayesa Chitumbuka ana ankagubuduka ndi phwete, pomwe agulugufe sanandikonzepo mawu ngakhale tsiku limodzi. Tsiku lina amuna anga anandipeza ndikudandaulira wachikasu wina za mchere umene apongozi anati ndachulutsa m'ndiwo.

"Manje ayankha kuti bwanji abale anu awa?" anandifunsa atasuzumira kuseri kwa msuku.

"Akuti mchele wenze bwino. Ni malilime ya anthu akuno yamene ni yaulesi."

Anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga, agulugufe n'kuwatera pachipewa. Kuyambira pamenepo akandisowa pakhomo ankauza anthu kuti ndapita kukaona abale anga.

Chilimwe cha chaka chomwecho kunabwera anthu a kampani ya thonje pa njinga zamoto, kugawa mbewu, mankhwala ndi pampu zopopera. Chimanga chinali chitayamba kuvuta chifukwa feteleza sankapezekanso ngati kale, choncho mwamuna aliyense wamphamvu zake anafuna malo a thonje. Amuna anga anayang'ana kankhalango kaja n'kuonamo mizere. Ndisanamizire munthu, ine sindinaletse. Ndinasangalala kuti nkhuni zabwera pafupi. Tsiku lomwe anafukiza njuchi n'kugwetsa mkuyu, uchi unadzaza ndowa, ndipo amene ananyambita mpaka m'zigongono ndine. Mitengo yowongoka inapita kukamangira zigafa za fodya, yotsala anaiunjika n'kuitentha. Pofika Okutobala kamtsinje kanali poyera, moti uli kumudzi unkatha kuona munthu akusamba. Anansi athu a mbali zonse anachitanso chimodzimodzi.

Thonje linamera bwino, ndipo linkafuna mankhwala pafupipafupi. Amuna anga ankabereka pampu kumsana m'mamawa, kupopera mzere ndi mzere, pomaliza n'kukaitsukira pamchenga wanga uja. Ine ndinkapitabe kukachapa. Ndinkapeza agulugufe asanu, atatu, tsiku lina osapeza ndi mmodzi yemwe. Ndinkangoti mwina si nyengo yawo. Chimene ndinachizindikira msanga n'chakuti kumunda kunali zii, moti ndinkamva khasu la munthu wa kutsidya.

Chaka chimenecho ndi chimenenso apongozi anandipatsa mbewu za maungu kuti ndibzale m'chimanga changa, chimene tsopano chinali pakati pa minda ya thonje. Anali maungu a pabanjapo, amizeremizere, aufa, otsekemera, amene iwonso anawalandira kwa apongozi awo. Atachita maluwa anatsikira kumunda kudzandiphunzitsa, ngati kuti kwathu maungu sitinawaonepo. Ankanditcha mkamwana, monga Atumbuka amaitanira mkazi wa mwana wawo, ndipo ankandiyankhula Chinyanja chosakaniza kuti ndimve.

"Ona, mkamwana. Ili lili na kajungu kunsi ni likazi, osaligwila yayi. Aya yamakosi yatali ni yamuna. Yalibe nchito. Thyola, ukaphike."

Ine ndiye wokonda chiluwe chotendera! M'mawa uliwonse mame asanaume ndinkayenda mzere ndi mzere kuthyola maluwa aamuna onse, osasiyapo ndi limodzi lomwe, kuti apongozi aone kuti mtsikana wa ku Chipata si waulesi. Maungu anayanga munda wonse, masamba akuluakulu obiriwira bwino. Timaungu tinkatuluka, kukula kufika msinkhu wa dzira la nkhuku, kenako n'kuchita chikasu, kufota, n'kugwa. Chaka chonse ndinakolola maungu awiri, ndipo limodzi linali lopindika.

Chaka chachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi. Ndipo m'nyumba mwanga munalibe mwana.

Pamudzi zinthu ziwirizi anazimanga mtolo umodzi. Akuti dzanja langa linali louma: chimene ndachigwira chimachita maluwa koma osabala. Maungu a azimayi ena a mbali ya thonje nawonso anali atachepa, koma awo ankati ndi nthaka yatopa, anga okha ndiwo anali a dzanja. Pamaso panga sankanena, koma nthawi yobzala mtedza ankandipatsa ntchito yofotsera, mbewu n'kugwira ena. Apongozi ananditengera kwa asing'anga awiri, wina wa pafupi, wina mpaka cha ku Chikomeni. Ndinamwa mizu yowawa yoti ngakhale mbuzi ingalavule. Amuna anga palibe anawafunsapo kanthu, iwo ankatsala akupopera thonje.

Mvula ya chaka chachitatu itagwa, mlamu wanga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, ndipo tsiku limenelo sanaseke. Anandiuza kuti amalume ndi abambo aang'ono a amuna anga agwirizana kale: thonje la chaka chino likagulitsidwa, agula ng'ombe zokalowolera mkazi wachiwiri. Mtsikana wake anali atamuona, wa mudzi wa kutsidya, wochokera m'banja lobereka mapasa.

Ndinatsikira kumunda ndisanamange ndi mpango womwe. Ndinawapeza amuna anga akupatulira thonje.

"Nimvela kuti thonje iyi ni ya malowolo. Ni zoona?"

Anayang'ana pansi. "Ni akuluakulu akamba. Ine sininavomele."

"Munakana?"

Anangopitiriza kupatulira thonje.

"Ndiye ine nizipalila munda wogulila mkazi mnzanga? Palilani mweka!"

Ndinatola khasu langa pomwe linali, kuliponya pakati pa mizere, n'kubwerera. Ndinalira, ndipo ndinalira ndi ukali, chifukwa munthuyo ndinkamukonda, ndipo ndinkadziwa kuti nayenso amandikonda, kungoti pamaso pa akuluakulu ankasanduka mwana. Ndinkawaphikira, kuwaikira madzi kubafa, koma mawu ndinawamana.

Popeza munda wa thonje ndinaunyanyala, ndinayamba kupita kukathandiza mlamu wanga kupalira. Munda wake unali wogundana ndi manda. Palibe ankaufuna, ndiye anaupereka kwa iye wobwerera kuukwati. Mwambo wa kumeneko ndi woti mtengo wa kumanda sudulidwa, nkhuni zake sizitoledwa, ndipo moto wolusa anthu amauzimitsa usanafikeko. Choncho pamene dera lonse linali litametedwa, nkhalango ya manda inatsala yokha, bii, pakati pa minda. Maungu a mlamu wanga ankabala mpaka ena kupatsa nkhumba, ndipo anthu ankati makolo ogona pamenepo amamumvera chisoni. Iye ankangoti ali ndi aganyu ambiri osapempha chakudya.

Tsiku loyamba tinafika dzuwa likungotuluka. Ndisanatsitse khasu paphewa ndinaima. Phokoso lija, la chigayo chakutali, limene ndinali nditaiwala kuti ndikulisowa, linali pamenepo. Dzuwa litakwera pang'ono ndinatsata m'mphepete mwa nkhalango, ndipo pachithaphwi cha m'njira ya ngolo ndinawapeza agulugufe anga. Oyera, achikasu, ofiirira aulesi aja, ngakhale akuda a mzere wobiriwira anali kuthamangathamanga m'mwamba. Ndinakuwa ngati ndaona abale anga akutsika basi. Ndinathamangira pakati pawo, onse n'kuti balala, ine mayi wapabanja ndikuzungulira manja ali m'mwamba, pafupi ndi manda.

"Mulamu, wafuntha?" anakuwa mlamu wanga, poyesa kuti ndapenga. "Apongozi ako aamuna agona apo. Akuona!"

"Aone! Aziwe kuti mkamwana wao avina bwino!"

Mtima utakhala pansi ndinabwerera ku khasu, ndipo m'mawa wotsatira ndikuzula udzu pafupi ndi maungu ndinaona chimene chinali pamaso panga zaka zonsezo. Maluwa aamuna anali mbwee, osathyoledwa, chifukwa mlamu wanga chiluwe chinkamutsegula m'mimba. Njuchi inalowa m'duwa lalimuna, kugubuduka m'menemo, n'kutuluka thupi lonse lili chikasu. Inauluka pang'ono n'kulowa m'duwa lalikazi, lija la kadzungu kunsi, n'kugubudukamonso. Inabweranso ina, ndi ina, ndi abemberezi, ndi tinjuchi tating'ono tosaluma. Agulugufe maungu sankawalabadira kwenikweni, iwo ankakonda timaluwa ta m'mphepete mwa nkhalango, koma kumene kunali iwo ndi kumene kunalinso onsewa.

Ndinakumbukira chithunzi cha pabolodi ndili giredi seveni. Aphunzitsi a sayansi anajambula duwa ndi njuchi yonenepa ngati mbewa, n'kutiuza za mungu, ufa wachikasu uja. Ndinalemba, mayeso ndinakhoza, nzeruzo n'kuzisiya m'kope. Ndinakhala pamzere n'kudzimenya pachipumi. Njuchi tinazifukiza, nyumba yawo tinagwetsa, zotsala tinazipopera, ndipo kanjuchi kamene kanapulumuka kakafika m'munda mwanga kankapeza amuna onse ndawaphika ndi nsinjiro.

Kutacha ndinapita m'munda mwanga ndekha. Ndinathyola duwa lalimuna, kulisenda mpaka kutsala kamtengo ka pakati kodzaza mungu, n'kukakapukutira pang'onopang'ono mkati mwa duwa lalikazi. Ndinkacheukacheuka ngati wakuba. Pa duwa lililonse lomwe ndachita ndinkamangapo kansanza ka chitenje chakale chofiira. Mizere ya kumtunda ndinaisiya dala osaigwira, chifukwa apongozi anga ndinkawadziwa. Ntchito yake inali yachangu, poti maluwa a maungu amatseguka kukucha, dzuwa likakwera pang'ono atseka, ndipo satsegukanso.

Tsiku lachinayi mlamu wanga anandilondola, n'kundipeza nditawerama, mphuno ili m'duwa.

"Ni vichi ivi uchita?"

Ndinamufotokozera. Anayang'ana duwa, kuyang'ana ine, kenako anakhala pansi pamame pomwepo n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye iwe wakhala nkhoswe ya majungu! Ukwatitsa popanda olo ng'ombe imozi!"

Kuyambira tsikulo ankabwera m'mawa uliwonse. Iye ndiye ankasankha mkwati. Ankalitembenuza duwa uku ndi uku, ena n'kuwakana kuti akuoneka aulesi ngati mwamuna wake wakale, ena n'kuwafunsa kuti kwawo n'kuti ndipo amamwa mowa kapena ayi. Akavomereza, ine ndinkapereka kwa mkwatibwi, iye n'kumaimba nthungululu chapansipansi kuti a kumudzi asamve. Tinkabwerera zitenje zili nyowenyowe ndi mame, zala zili chikasu. Chikwatiwire ndinali ndisanasekepo choncho.

Amuna anga ankationera ali m'thonje, osayerekeza kufunsa. Chitenje changa chofiira chitatha, m'mawa wina ndinapeza pachitseko pali mtolo wa tinsanza tong'ambidwa bwinobwino, tofanana utali. Anali malaya awo akale a kutchalitchi. Sindinathokoze, koma tsiku limenelo ndiwo ndinathira mafuta.

Patapita sabata timaungu ta nsanza tinali tisanagwe. Tinadutsa msinkhu wa dzira, kufika wa nkhonya, n'kumapitirira. Ta mizere ya kumtunda tinachita chikasu n'kugwa monga kale, kupatula tiwiri kapena titatu. Pofika Malichi m'munda mwanga munali moti ukayenda mosasamala upunthwa. Dzungu loyamba kukhwima sindinaphike. Ndinalisenza pamutu, n'kudutsa nalo pakati pa mudzi pang'onopang'ono, njira yaitali yodzera kuchitsime komwe kunali azimayi, ndikupereka moni kwa aliyense, ngakhale amene ndinali nditamupatsa kale. Ndinakalitula pakhonde pa apongozi n'kugwada.

"Amama, nabweletsa jungu."

Analigogoda ndi chala, kulitembenuza, kulinunkhiza. "Ni la mulamu wako?"

"Ni la m'munda mwanga, amama."

"Tiye."

Anatsogola, ine ndikuthamangira pambuyo. M'munda anagwira dzungu lililonse, kutsata chingwe chake mpaka patsinde kuti aone ngati sindinachite kuikamo. Kenako anakoka kansanza kamodzi.

"Uyu munkhwala wakupasa ni sing'anga uti?"

"Si mankhwala, amama. Mubwele mailo m'mawa muzaone."

Kutacha ndinawapeza atafika kale, ataima pakati pa maungu manja ali m'chiuno. Ndinawaonetsa. Sanakhutire. Analanda duwa m'manja mwanga, kupita kumizere ya kumtunda, n'kuchita okha maluwa asanu, kumangapo luzi la mfundo yawoyawo kuti ndisawapusitse. Kwa masabata awiri ankabwera tsiku ndi tsiku kudzayendera maukwati awo. Asanu onse anagwira.

Tsiku limene anatsimikiza anakhala pamzere, kutsina fodya wawo, n'kundifunsa.

"Kale nchito iyi enze kuchita ni ndani?"

"Njuchi, amama. Zija zenze mu mkuyu."

"Na kwa mulamu wako zichokela kumanda."

"Inde, amama."

Anayang'ana chitsa chakuda cha mkuyu, kuyang'ana thonje lomwe linatizungulira, kuyang'ananso kamtsinje kopanda mthunzi. Kenako anatola duwa lalikazi lofota lomwe linagwa ndi kadzungu kake, n'kumalitembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Ili likazi lenze lilibe mulandu," anatero, osati kwa ine kwenikweni. "Na ine nenze kukamba kuti yamuna yalibe nchito."

Pakamwa panga panayabwa koopsa. Ndinali ndi mawu a zaka ziwiri okonzakonza, koma ndinadziluma mlomo n'kuyang'ana pansi. Apongozi anaimirira, kusasa chitenje, n'kukuwa cha kuthonje: "Iwe! Zanga kuno!" Amuna anga anabwera pampu ili kumsana, kuvula chipewa, n'kunjuta patsogolo pa amayi awo.

"Vinthu viwili," anatero apongozi. "Choyamba. Kuchoka pa mkuyu apo kufika kumadzi, khasu isapitemo, nkhwangwa isapitemo, moto usapitemo. Uziona monga ni kumanda. Na pampu yako ukasukile kwina."

"Enya, amama."

"Chachiwili. Uyu mwana wa eni ake namumwesa vowawa zaka ziwili. Iwe sunamweko olo sipuni imozi. Pa Mande utenge njinga, mupite ku chipatala ku boma nonse awili. Akakupime na iwe."

"Amama, ine ndine mwamuna..."

"Na ili ni mwamuna," anatero akuwaloza ndi duwa la khosi lalitali. "Likapanda kufikisa vake, jungu kulibe. Za ng'ombe nizakamba nao neka amalume ako."

Anatembenuka n'kuyamba kukwera njira ya kumudzi, koma atayenda pang'ono anabwerera, kusankha dzungu lalikulu kuposa onse, n'kulisenza osapempha.

Za kankhalango amuna anga anamvera. Zitsa za m'mbali mwa kamtsinje zinaphukira mvula yotsatira, ziyangoyango zinabwerera zokha, ndi chitedze chomwe chimene palibe anachiitana. Anayambanso kupopera chakumadzulo, maluwa atatseka. Zinatenga zaka. Agulugufe oyera ndi achikasu anabwerera pamchenga, ngakhale sanadzazenso ngati kale, ndipo njuchi zinalowa mumng'oma umene tinapachika mumthethe umodzi umene nkhwangwa inauiwala. Akuda a mzere wobiriwira aja sindinawaonenso kumunsi kwa mudzi, kupatula kumanda. Maungu ndinakwatitsabe zaka zina ziwiri, ndipo azimayi a mbali ya thonje, omwe aja ankandimana mbewu, anabwera mmodzimmodzi kudzaphunzira. Ndinawaphunzitsa onse, koma ndisaname, ena ndinkawasiya kaye aime pamame nthawi yaitali.

Za chipatala ndiye ndinkaopa kuti Lolemba likafika mutu uwawa kapena tayala liphulika. Koma amuna anga anadzuka okha, kupopa matayala, n'kumanga katsamiro pakaliyala. Anandikweza n'kuyamba kupalasa. Pachitunda tinkatsika n'kumakankha njinga, pamtsetse n'kukweranso, ine kumbuyo ndikung'ung'udza nyimbo za kutchalitchi.

Ndinene mwachidule zimene zinatsatira. Amuna anga anawapeza ndi likodzo lakalekale la m'madamu momwe ankasambira ali mnyamata, limene iwo ndi anzawo ankaliyesa chizindikiro chakuti akula. Anawapatsa mapiritsi, ine sanandipeze ndi kanthu. Sindine dokotala kuti ndilumbire kuti chinali chimenecho chokha, koma mwana wathu woyamba anabadwa patapita chaka ndi miyezi ingapo. Thonje lija linagula malata a nyumba, ndipo za mkazi wachiwiri sizinamvekenso.

Koma tsiku limenelo zonsezo sitinkazidziwa. Tinali pamzere, pabenchi lodzaza azimayi a ana kumsana, mwamuna ali yekhayekha, wamtali kuposa onse, chipewa chili m'manja. Azimayi ankagwedezana ndi zigongono. Titafika pazenera lolembetsa, mayi wolemba makadi sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana ine, cholembera chili m'mwamba.

"Amai, vuto yanu ni chani?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe monga ndinkayambira konse kumene ankanditengera. Amuna anga anandigwira pamkono. Mawu awo anamveka mpaka kumapeto kwa benchi.

"Lembani ine poyamba. Tilibe mwana, ndipo ine sininapimiwepo. Awa anipelekeza chabe."

Ndinabwerera pabenchi, kukhala pansi, n'kuphimba nkhope ndi chitenje. Mayi wa pambali panga, amene sindinkamudziwa n'komwe, anayamba kundisisita pamsana, akundiuza kuti ndisalire, abambo achira. Sindinathe kumuuza kuti ndikulira chifukwa cha chimwemwe.